Kodi Tikuwafuna Madokotala a Milatho?

Liwu lakuti "dokotala" m'Chichewa chathu limatikumbutsa munthu mmodzi yekha: wovala zoyera uja timathamangirako tikadwala. Ndiye mukauza agogo kumudzi kuti mdzukulu wawo wapita kunja kukaphunzira za udokotala, amavina ndithu, poganiza kuti nyamakazi yawo yaona polekera. Mukawonjezera kuti udokotala wake ndi wa milatho, misewu ndi madamu, nkhope imagwa. Funso limene amafunsa ndi lomwenso anthu ophunzira amafunsa, kungoti iwo amalikuta ndi Chingerezi: munthu amene anatha kale zaka zisanu akuphunzira uinjiniya, ndipo amatha kujambula mlatho n'kuumanga, akukatayiranji zaka zina zitatu kapena zinayi pasukulu? Kodi mlatho umadwala?

Ine ndikuti dziko lino likuwafuna madokotala amenewa, ndipo likuwafuna kwambiri kuposa mmene timaganizira. Koma si aliyense wotsika ndege pa Chileka ndi zilembo za PhD kumapeto kwa dzina amene ndikumuwerengera. Ndikunena munthu amene funso la kafukufuku wake analitola pa dothi, pa mtsinje kapena pa chipupa cha kuno, ndipo yankho lake angathe kulifikitsa kwa mmisiri womanga nyumba amene sanapite patali ndi sukulu. Wina anena kuti wophunzira ziyankhulo ndi zolembalemba ngati ine alibe gawo pa nkhani ya simenti ndi zitsulo. Komatu milatho ndimawoloka nawo, madzi apampopi ndimamwa nawo, ndipo mbali yaikulu ya nkhaniyi ndi ya mawu.

Tiyambe ndi dzina la ntchitoyi. Pa Chingerezi amati civil engineering, ndipo liwu loyambalo lili ndi mbiri yake. Kale ku Ulaya injiniya anali munthu wa gulu la nkhondo, womanga malinga obisalamo asilikali ndi kukonza zida zogumulira malinga a adani. M'zaka za m'ma 1700 Mngerezi wina dzina lake John Smeaton, amene anamanga nsanja younikira zombo ya Eddystone n'kuimaliza mu 1759, anayamba kudzitchula injiniya wa anthu wamba pofuna kudzisiyanitsa ndi a nkhondo aja. Mu 1818 mainjiniya achinyamata anakhazikitsa bungwe la ntchitoyi ku London. Choncho dzinalo palokha limatchula eni ake a ntchito, amene ndi anthu wamba. Ife pobwereka tinangoti "injiniya wa zomangamanga". Njerwa ndi simenti tinazisunga, koma anthu wamba aja anagwera m'njira pomasulira.

Ntchito ya anthu amenewa sitimaiona ikamayenda bwino. Wa ku Ndirande akatsegula mpopi sakumbuka kuti madzi ambiri a mu Blantyre amachokera kutali ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kukankhidwa ndi makina kukwera mtunda wonsewo. Timamukumbuka injiniya tsiku limene mpopi wauma. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Maso athu onse anali kwa madokotala a kuchipatala ndi anamwino, ndipo iwo anagwiradi ntchito yotamandika. Koma kolera amabuka pamene za m'chimbudzi zakumana ndi za m'chitsime, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya injiniya. Mzinda wa London unapuma ku miliri ya kolera pamene Joseph Bazalgette anamanga ngalande zapansi zochotsa zonyansa m'zaka za m'ma 1860, mankhwala amakonowa asanabwere n'komwe.

Komabe zimenezi sizikuyankha funso la udokotala lija, pakuti mipope ndi ngalande angathe kuzijambula injiniya wa digiri yoyamba wochokera ku MUBAS, sukulu imene mpaka 2021 tinkaidziwa ndi dzina la Polytechnic. Kusiyana kwake kuli apa. Injiniya akamajambula mlatho kapena msewu sachita kuyamba kuganiza zonse payekha. Amatsegula mabuku a miyezo, amene amamuuza kuti dothi la mtundu wakuti limasenza katundu wolemera mwakuti, njerwa imapirira mwakuti, ndipo ngalande ya malo olandira mvula yotere ikule motere. Digiri yoyamba imaphunzitsa munthu kugwiritsa ntchito manambala amenewa mosaphonya, ndipo limenelo ndi luso lalikulu. Maphunziro a udokotala amafunsa zina: manambalawa anachokera kuti, anayesedwa pa dothi la kuti, nanga kuno ndi oona? Munthu amatha zaka pa funso limodzi laling'ono, kuyesa, kulephera, kuyesanso, mpaka atapeza chinthu chimene sichinalembedwepo, kenaka n'kukachiteteza pamaso pa akatswiri anzake. Ndipo tisaiwale kuti miyezo yambiri imene takhala tikumangira m'dziko muno inachokera ku Britain, ina ku South Africa.

Mlimi wa ku Chikwawa kapena wa m'chigwa cha Phalombe safuna buku kuti akuuzeni za makande. Amadziwa kuti dothi lakudali limamwa madzi n'kufufuma m'dzinja, ndipo pofika Okutobala limauma n'kuchita ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowamo. Nyumba kapena msewu womangidwa pa makande umakwezedwa ndi kutsitsidwa chaka ndi chaka, mapeto ake chipupa chimang'ambika ndipo phula limasweka. Chiyankhulo chathu chinasiyanitsa kalekale makande, katondo, mchenga, dothi la kudambo ndi la pachulu. Chimene makolo sanachite ndi kuyeza. Limafufuma masentimita angati? Mpaka kuya kotani? Tithiremo laimu wochuluka bwanji kuti lifatse, nanga mtengo wake tingaukwanitse? Mafunso amenewa sayankhidwa ndi munthu amene kontilakitala akumudikira pa geti kuti ntchito iyambe Lolemba. Amafuna munthu wopatsidwa nthawi yoti akhale pansi ndi dothilo dzinja zingapo.

Umboni woti kafukufuku wotere amapindula ulipo kale. Kwa zaka zambiri dothi lofiira la timiyala, limene lili mbwee m'madera ambiri a kuno, linkakanidwa ngati maziko a msewu wa phula chifukwa silinkakwana pa miyezo yochokera kunja. Mmalo mwake ankaphwanya miyala n'kumaituta pa malole kuchokera kutali, ndalama n'kumathera pa dizilo. Ofufuza atapita kukakumba misewu yakale m'maiko a kum'mwera kwa Africa kuno, kuphatikizapo Malawi, anapeza kuti misewu ina yomangidwa ndi dothi "losayenera" lija inali ikadali yolimba patapita zaka zambiri. Zotsatira za kafukufuku wa mtundu umenewu zinalowa m'buku la malangizo limene SADC inatulutsa mu 2003, lokhudza misewu ya phula yodutsa magalimoto ochepa. Mayi wa kumudzi amene phula linafika pamsika wa kwawo chifukwa choti mtengo wa msewu unatsika sadzamva dzina la wofufuzayo, koma tomato wake amafika kutauni asanaphwanyike.

N'chimodzimodzi ndi njerwa. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa. N'chifukwa chake tili ndi nyanja yakuya chonchi, n'chifukwa chakenso nthaka yathu imagwedezeka. Chivomezi chinagwetsa nyumba ku Salima mu Malichi 1989, ndipo zivomezi zotsatizana zinawononga nyumba zikwizikwi ku Karonga mu Disembala 2009. Nyumba zambiri za m'dziko muno ndi za njerwa zoumba pakhomo, zootcha pa uvuni wa nkhuni kapena zosaotcha n'komwe, zomata ndi dothi kapena ndi simenti yongonunkhiza. Miyezo ya ku Ulaya sinalembedwe poganizira njerwa yoteroyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 2010 akatswiri a ku Polytechnic, mogwirizana ndi anzawo a ku yunivesite ya Bristol, anamanga tizipupa ndi njerwa za m'makomo zomwezi n'kumatikanikiza ndi makina mpaka titagumuka, kuti adziwe polekezera pake. Ndi ntchito yotopetsa, yafumbi, yopanda nthungululu. Koma popanda ntchito yotere, aliyense wonena kuti nyumba ya ku Karonga ndi yolimba kapena yofooka akungoyerekeza. Ndipo funso latsopano labwera kale. Chikhazikitsireni malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, mabuloko a simenti achuluka m'mbali mwa misewu, ndipo wogula sadziwa kuti woumbayo anatulutsa mabuloko angati pa thumba limodzi.

Koma nkhani imene yandichititsa kugwira cholembera ndi ya madzi. Ife a zolembalemba timamudziwa Napolo, chinjoka chimene makolo ankati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba phirilo n'kukokolola zonse za m'njira yake. Steve Chimombo anamusandutsa mutu wa ndakatulo zake, ndipo m'kalasi timamuwerenga ngati chizindikiro cha zinthu zosiyanasiyana. Komatu Napolo ali ndi masiku ake pakalendala. Anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946 n'kugumula milatho. Anadutsa ku Phalombe mu Malichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Kwa ine nthano ya Napolo ndi kaundula amene makolo anasunga popanda pepala. Inkauza ana kuti khwawa lakutilo lili ndi mwini wake, musamangemo, pakuti madzi saiwala khwawa. Chimene nthano singathe ndi kunena kuti ndi mvula ya mamilimita angati, yogwa kwa maola angati, imene imamasula dothi pa thanthwe la Soche, makamaka lero pamene mitengo inatha ndipo nyumba zinakwera phiri. Anthu okhala m'munsi mwa phirilo sanapiteko chifukwa chosamva nthano. Anapitako chifukwa malo otsika mtengo ndi omwewo. Ndiye kuwauza kuti "samukani" popanda kuwauza kuti ndi nyumba ziti zili m'njira ya matope, ndi usiku uti woyenera kuthawa, n'kungosamba m'manja basi.

Apa ndi pamene manambala ndi mawu zimakumana. Mainjiniya akamajambula mlatho amasankha kukula kwa madzi amene mlathowo uyenera kupirira, ndipo amakonda kunena kuti ndi "madzi obwera kamodzi pa zaka 50". Munthu wamba akamva zimenezi amati ndiye kuti akabwera chaka chino tipuma mpaka zidzukulu zathu zitakula. Si zimene akutanthauza ayi. Tayerekezani thumba la nyemba 50, imodzi yokha ndiyo yakuda. Chaka chilichonse mukupisa dzanja osayang'ana, kutola imodzi, n'kuibwezeramo. Yakudayo ingathe kutuluka chaka chino n'kutulukanso chaka chamawa, ingathenso kukhala zaka 80 osaoneka. Masamu ake amasonyeza kuti pa milatho 100 yotere, pafupifupi 64 idzakumana nawo madziwo kamodzi kapena kuposa pamenepo zaka 50 zisanathe. Palibe amene ananama, koma mawu omwe anasankhidwa amasocheretsa, pa Chingerezi pomwe. Mfumu imene inamva kuti chigumula ndi cha kamodzi pa zaka 50 n'kulola anthu kubwerera kudimba kukamanga sinachite mwaumbuli. Inamva bwinobwino zimene inauzidwa.

Nanga injiniyayo amadziwa bwanji kuti nyemba yakuda ndi imodzi pa 50? Amadalira kaundula wa mtsinjewo. Pamakhala chitsulo cholembedwa manambala chozikidwa m'mbali mwa mtsinje, ndipo munthu amapita tsiku ndi tsiku kukawerenga pamene madzi afika. Kaundula wa zaka zambiri ndi amene amabala nambala ija. Tsono ngati kaundulayo ndi wamfupi, kapena ali ndi zaka zodumpha chifukwa chitsulo chinakokoloka, nambalayo imakhala yopunduka. Ngakhale kaundula wathunthu amanena za mtsinje wakale, wa nthawi imene kumtunda kunali nkhalango yomwa madzi pang'onopang'ono. Lero madzi amatsika onse nthawi imodzi atasenza mchenga wotseka makalavati. Onjezanipo kusintha kwa nyengo. Chigawo cha kum'mwera chinaona madzi oopsa mu 2015, mu 2019 pa Idai, mu 2022 pa Ana ndi mu 2023 pa Freddy. Zikuoneka kuti nyemba zakuda zachuluka m'thumba, ndipo kuziwerenganso mtsinje ndi mtsinje, Ruo payekha, Mwanza payekha, North Rukuru payekha, ndi ntchito yeniyeni ya udokotala. Mukaichepetsa nambalayo mlatho umapita ndi madzi. Mukaikulitsa mopyola chifukwa cha mantha, ndalama za milatho itatu zimathera pa umodzi, ndipo ana a midzi iwiri amapitiriza kuwoloka atasenza makope pamutu.

Taonaninso Shire. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi umenewu, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ambiri sadziwa kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka kulowa mu Shire. Zitseko za pa Liwonde, zomangidwa mu 1965, ntchito yake ndi kusunga madzi m'nyanja ndi kuwatulutsa mwa muyezo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaphwanya damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi mpaka 2023. Mu 2024 vuto linatembenuka: nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwake, eni ake n'kumadandaula kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri. Koma madzi otulutsidwa pa Liwonde sathera m'malere, amakadutsa pa makina a magetsi n'kukafika kwa munthu wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Wogwira zitsekozo ndiye kuti akugamula mlandu pakati pa wa ku Mangochi ndi wa kuchigwa, ndipo umboni wa mlanduwo ndi manambala. Mlandu wotere sitingamangouperekera kwa katswiri wobwera pa ndege kudzakhala miyezi itatu. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma akatha kumeta amabwerera nako kwawo.

Otsutsa alipo, ndipo sakulakwa pa zonse. Ena amati vuto la zomangamanga kuno si kusadziwa koma dyera. Msewu umene umakumbika maenje pa mvula yoyamba sufuna PhD kuti tidziwe chimene chinavuta: zipangizo zinachepetsedwa, ndipo injiniya wina wophunzira bwino anasaina kuti zonse zili bwino. N'zoona, ndipo udokotala suchiritsa dyera. Ungathenso kuwonjezera vuto, poti ife timaopa maudindo, moti "adokotala atero" amatseka pakamwa anthu amene anali ndi funso labwino. Komabe tsiku limene tidzafune kuti wina ayankhepo pa msewu woterowo, padzafunika munthu wokaboola msewuwo, kuyeza zimene zili pansi, n'kuima pamaso pa woweruza ndi umboni wosagwedezeka. Munthu ameneyo ayenera kukhala woti sadya kwa kontilakitala ndipo sadikira kukwezedwa ndi amene anapereka ntchitoyo. Wofufuza wa payunivesite ndi amene ali pafupi ndi ufulu wotere. Lamulo la 2019 lokhazikitsa bungwe la Malawi Engineering Institution linakonza njira yolembetsera mainjiniya ndi kulanga olakwa, koma lamulo palokha siliboola msewu.

Ena amati dziko losauka likufuna amisiri ambiri aluso, osati madokotala, poti ndalama zophunzitsira dokotala mmodzi zingaphunzitse amisiri ochuluka. Nanenso sindikupempha madokotala zikwi. Koma liwu lakuti dokotala linachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kuphunzitsa. Mainjiniya amene amayang'anira amisiriwo amaphunzitsidwa ndi wina, ku MUBAS kapena ku MUST imene inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mphunzitsi wosafufuza amangopereka kwa ophunzira ake manotsi amene iye analandira kwa mphunzitsi wake.

Mfundo yotsutsa imene imandilemera kwambiri ndi yakuti ambiri amapita osabwerako, ndipo obwerawo amabwera ndi mayankho a mafunso a eni ake. Mnyamata kapena mtsikana wanzeru amapeza thandizo lokaphunzira kunja. Kumeneko mphunzitsi wake ali kale ndi ndalama za kafukufuku wa vuto la kwawo, kaya ndi njanji zoyenda pansi pa mzinda, kaya nyumba zosanja makumimakumi, kaya konkire yopirira chisanu choumitsa madzi. Wophunzirayo amagwira ntchito molimbika, amakhoza, n'kubwera kuno kumene kulibe makina amene ankagwiritsa ntchito ndipo kulibe vuto limene anathetsa. Amasanduka wa muofesi wosaina makalata, apo ayi amalongedzanso chikwama. Akakhala payunivesite amakwezedwa malinga ndi zimene walemba m'magazini a akatswiri a kunja, ambiri mwa iwo olipiritsa ndalama kuti uwerenge, amene injiniya wa kukhonsolo ya boma sadzawaona. Sindikumunyoza munthu ameneyu, pakuti anatsata njira imene inalipo. Koma dziko silinapindule naye mokwanira.

Mankhwala ake si kuletsa anthu kupita kunja. Apite, koma funso alinyamule kuchokera kuno, ngakhale zitatanthauza kunyamula dothi m'matumba, ndipo gawo la ntchitoyo lichitikire kuno. Mabungwe amene amawononga ndalama zambiri pa misewu, madzi ndi magetsi ndi amene akudziwa pamene pakuwawa. Atati azipatula kachigawo kakang'ono ka ndalama za ntchito iliyonse yaikulu n'kulemba mafunso amene akufuna kuti ayankhidwe, ophunzira sakanasowa mitu, ndipo mituyo ikanakhala yathu. Za kuchepa kwa zipangizo n'zoona, koma tisabisalemo kwambiri. Karl Terzaghi, amene amatchedwa tate wa sayansi ya dothi lomangapo, anachita kafukufuku wake woyamba ku Istanbul ndi zipangizo zolumikizalumikiza, zina zochokera ku timabokosi ta fodya, ndipo buku limene anatulutsa mu 1925 linasintha kamangidwe ka maziko padziko lonse.

Tsono tinene kuti funso linali la kuno ndipo yankho lapezeka. Likafika bwanji kwa womanga? Nyumba zambiri m'dziko muno sizionana ndi injiniya kuyambira pa maziko mpaka pa denga. Zimamangidwa ndi mmisiri amene anaphunzira ntchito kwa amalume ake, moyang'aniridwa ndi mwini nyumba amene amagula simenti thumba limodzilimodzi pakutha pa mwezi. Pambuyo pa zivomezi za ku Karonga panalembedwa malangizo a kamangidwe ka nyumba zotetezeka, ndipo chinali chinthu chabwino. Koma malangizo amauza munthu chochita, pamene chimene chimamuteteza tsiku limene wakumana ndi zachilendo ndi kudziwa chifukwa chake. Konkire imapirira kwambiri ikamapanikizidwa, koma ikamakokedwa imang'ambika msanga, n'chifukwa chake timaikamo zitsulo. Bimu yogona pa zipilala ziwiri ikalemedwa imapindikira pansi, ndipo mbali yokokedwa ndi yapansi, choncho zitsulo zikuluzikulu zimakhala pansi. Koma khonde la m'mwamba longotulukira kunja lopanda chipilala kumapeto limakokedwa mbali yapamwamba. Mmisiri amene anangoloweza kuti "zitsulo pansi" adzaziika pansi pomwepo mokhulupirika, ndipo khondelo lingathe kugwa tsiku lochotsa matabwa.

Ndimeyi ndaifotokoza m'Chichewa ndipo ndikukhulupirira kuti mwaimva. Ndiye zoti chiyankhulo chathu sichinganyamule sayansi ndi ulesi chabe. Zovuta zilipo ndithu. Liwu limodzi lakuti "mphamvu" timaligwiritsa ntchito pa kukankha kwa madzi pa chipilala, pa kulimba kwa chipilalacho, pa magetsi otuluka pa Nkula ndi pa udindo wa nduna, pamene injiniya amafuna liwu losiyana pa chilichonse, chifukwa kuzisokoneza n'kugwetsa nyumba. Koma amenewo ndi mavuto oti anthu akhalire pansi. Tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 n'kutulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Luso lopanga ndi kusanja mawu lilipo. Chofunika n'choti a ziyankhulo ndi a uinjiniya akhale patebulo limodzi, ndipo ayambe n'kumvetsera mawu amene amisiri akugwiritsa kale ntchito, monga bimu, lintala ndi kalavati, asanayambe kupeka awo amene palibe adzawatchule.

Kukumana kwa injiniya ndi anthu wamba si maloto, kunachitikapo. Mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba kunayamba ntchito yotenga madzi a m'mitsinje ya m'phiri n'kuwatsitsira m'midzi kudzera m'mapaipi, popanda injini, madzi akungotsika okha. Mainjiniya anayeza ndi kujambula, koma ngalande anakumba ndi eni mudzi, atafotokozeredwa pa misonkhano ya m'midzi mwawo, ndipo anasankha makomiti oyang'anira mipopi. Njirayi inafalikira ku Mulanje ndi madera ena, moti anthu a m'maiko ena ankabwera kudzaphunzira. Masamu a mapaipiwo sanali achilendo. Chachilendo chinali chakuti anthu okumba ankadziwa chimene akukumbira.

Ndikanakhala ine wokonza ndondomeko za maphunziro, aliyense wochita udokotala wa zomangamanga ndi ndalama za misonkho akanalemba, pambali pa buku lake lalikulu la Chingerezi, masamba khumi m'chiyankhulo cha dera limene anatengako dothi kapena madzi ake, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chinkhonde. Ophunzira a ziyankhulo akanamuthandiza, n'kupezerapo mitu ya kafukufuku wawo. Ndipo mayeso ake omaliza akanakhala awiri. Oyamba, pamaso pa maprofesa monga mwa masiku onse. Achiwiri, pansi pa mtengo, pamaso pa mafumu, amayi a komiti ya madzi ndi amisiri a m'deralo. Asaganize kuti achiwiriwa ndi opepuka. Amisiri safunsa za mabuku amene munthu anawerenga. Amafunsa kuti thumba limodzi la simenti lilandire mawilibala angati a mchenga, mchenga wake wa mumtsinje uti, konkire ithiriridwe madzi masiku angati, ndiponso kuti simenti ikakwera mtengo nyumba ili pa mawindo, mwini wake n'kunena kuti ndalama zatha, n'chiyani chimene angachepetse popanda kupha munthu.